Bokosi lachitatu

Anandilanda makiyi a ofesi. Ndi makiyiwo inapitanso ntchito yokhayo imene munthu wosiyira sukulu Fomu 3 ngati ine akanaipeza kuno kwa Mwambo osalowa m'madzi kukapha nsomba.

Ofesiyo ndi ya kopaletivi ya alimi a mpunga, panjira ya ku Kachulu. Anandilemba kuti ndizisesa ndi kutchaja mafoni pa sola, koma chilichonse cha magetsi chikafa ankaitana ine. Makompyuta analipo atatu, onse opatsidwa, ndipo sankamvana. Ya a mlembi inali ya Windows, ya a msungichuma ya Linux, a tcheya ankayenda ndi laputopu imene mwana wawo anatumiza kuchokera ku Joni. Aliyense ankasunga masiku ake kwayekha. Msonkhano unkagundana ndi tsiku la ku chigayo, ndipo wopalasa njinga kukauza anthu kuti tsiku lasintha ndinali ine.

Palibe anandituma. Ndinangotopa ndi kupalasa. Ndinayamba kufufuza pa foni, ndi bandulo yanga, nditakwera pachulu kuseri kwa ofesi pomwe netiweki imagwira. Ndinkafuna kalendala imodzi yokhala pa seva, yoti wina akalemba pa kompyuta yake, enawo aone pa zawo. Zambiri zinkafuna madola mwezi ndi mwezi. Zina zinali zaulere koma zosankha kompyuta. Imodzi ndinalimbana nayo kuyambira powokera mpunga mpaka utabereka, kenaka ndinazindikira kuti ikufuna makina amphamvu kuposa athu onse. Pomaliza ndinapeza kapulogalamu kakang'ono, kaulere, koti aliyense akhoza kuona mmene anakalembera ndi kukakonza yekha. Ndinakaika pa kompyuta yakale imene tinkatchingira chitseko cha sitolo, kuti ikhale seva yathu. Kanagwira.

"Injiniya wa Fomu 3!" anatero a tcheya. "Mawa utilumikize ndi kumwamba, tizidziwiratu tsiku la mvula."

Pamwamba pa kalendalayo masiku anali m'Chingelezi, chilembo chimodzi chimodzi, ndipo T analipo awiri. A msungichuma, bambo achikulire a kutchalitchi kwathu, sankavutika nazo zilembozo. Ankawerenga mabokosi ndi chala monga mmene maina a masiku amanenera: loyamba Lolemba, lachiwiri Lachiwiri, lachitatu Lachitatu. Pa makompyuta enawo sabata inkayambadi Lolemba. Pa yawo inkayamba Lamulungu.

Titakolola, wogula wa ku Zomba anaimba kuti lole ibwera Lachitatu. Anayankha foni ndi a msungichuma, ndipo analemba m'bokosi lachitatu. Seva inagwira ntchito yake mokhulupirika, inauza onse kuti Lachiwiri. A mlembi anatumiza uthenga kwa alimi. Lachiwiri m'mawa njinga zinadzaza pabwalo, matumba atamangidwa awiri awiri. Lole kulibe. Masana anafika mavenda ndi masikelo awo, ndipo anthu otopa, osafuna kukankhanso matumba kubwerera nawo, anagulitsa motchipa. Lachitatu lole inapeza mpunga wosadzaza ndi pakona pomwe.

"Bambo, munawerenga mabokosi," ndinawauza a msungichuma pambali, pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe, Lachitatu likhale bokosi lachinayi? Masamu amenewo ndi amene anakutulutsa sukulu?"

Ndinakwiya, koma ndaliganizira funso lawo kambirimbiri ndipo silopusa. Amene anapanga kalendalayo sadziwa kuti kuno tsiku limayenda ndi nambala yake m'dzina. Chilankhulo chathu cha Chinyanja chinali kumbali ya a msungichuma, kompyuta inali kumbali ya lole. Kukonza kwake kunali kungodina malo amodzi kuti sabata iziyamba Lolemba paliponse. Ndinadina tsiku lomwelo.

Koma alimi ankafuna woti amuloze, ndipo wosesa ndi wosavuta kuloza kusiyana ndi mkulu wa mpingo.

"Siya kaye makiyi, mphwanga," anatero a tcheya osandiyang'ana. "Tiika tsiku, komiti imve mbali yako."

Lero ndimanyamula matemba pa njinga kuchoka ku Kachulu kupita ku Songani. Kalendala ija akuigwiritsabe ntchito, ndipo anaiwala kuchotsapo foni yanga. Ndikadutsa pafupi ndi ofesi foniyo imakoka zonse: misonkhano, chigayo, alendo, maliro. Ndimaima, phazi limodzi pansi, n'kuyang'ana bokosi ndi bokosi. Dzina langa mulibe.

Ngongole yawo kwa ine ndi tsiku limodzi. Alilembe m'bokosi lililonse, ndidzadziwa kuliwerenga.