Matumba a Dothi M'galaja

Ndinaganiza zopita ku South Bend tsiku limene mwana wanga Tamanda anauzidwa kusukulu kuti ajambule bambo ake ali pantchito. Anandijambula nditakhala pasofa, rimoti ili m'manja. Abale inu! Mwanayo sananame. Mkazi wanga Nabanda ndiye anali pantchito yosamalira okalamba kuno ku Indianapolis, ine ndinangomutsatira kuchokera ku Dedza, ndipo ku Lawrence, dera la m'mphepete mwa mzindawu kumene timakhala, munthu wopanda galimoto ndi nkhuku yomangidwa mwendo. Nditamva kutchalitchi kuti kampani ina kumidzi ya kufupi ndi South Bend ikufuna anthu okumba dothi, ndinaseka. Ine mwana wa m'dimba, andilipire chifukwa chogwira dothi?

"A Phiri, ndi ulendo wa maola awiri ndi theka okha," anatero Nabanda. "Muzibwera Loweruka lililonse."

"Miyezi isanu ndi umodzi basi, ndabwerako," ndinatero ine, pachifuwa ndikudziguguda kuti mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Tamanda anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinakhalako zaka zitatu.

Dothilo amalitcha piti. Ndi udzu ndi ndere zimene zinawolerana pansi pa dambo kuyambira makedzana, lakuda bii, likauma lopepuka ngati gaga. Ukayenda pamwamba pake, pansi pamanjenjemera. Nyengo yotentha thirakitala inkapalasa pamwamba, dzuwa n'kuumitsa, ife n'kuunjika milu. Kukagwa chipale chofewa tinkalowa m'shedi kusefa ndi kulongedza m'matumba oti anthu a m'tauni azibzalira maluwa. Fodya anali woletsedwa, chifukwa moto ukalowa pansi pamenepo umayenda mobisa mwezi wathunthu. Poweruka, malovu akuda, mamina akuda, mpaka m'makutu.

Amene anandiphunzitsa ntchito anali mzungu wokalamba, a Walter. Agogo awo ndiwo anakumba ngalande zoumitsira damboli ndi fosholo. Ankati kale mudzi umenewo unali ndi sukulu, tchalitchi ndi sitolo, aliyense akudya za dambo. Ine ndinapeza tatsala anthu asanu ndi atatu: azungu atatu a imvi, anzathu anayi a ku Mexico, ndi ine. Tsiku lina anandionetsa nyumba imene anabadwiramo. Masitepe a pakhomo anali lende m'malere, chifukwa nthaka inatsika ndi kukumba kwa mibadwo itatu. Ana awo anasamukira kutali, ndipo foni yawo sindinaimvepo ikulira.

Ndi a Walter omwewo anandiuza khalidwe la piti. Akauma kotheratu amakana madzi. Ungathire ndowa yathunthu, madziwo amangotsetsereka pamwamba, m'kati muli gwa. Amafuna madzi ofunda, pang'onopang'ono, ukukanda ndi manja, masiku angapo. Ndinazimva ngati nkhani ya pantchito basi.

Za Loweruka lililonse zija zinafera m'mazira. Loweruka kunali ovataimu, ndipo ndalama yake inali yokoma. Kwa nthawi yoyamba ku Amereka kuno ndinatumizira mayi anga ku Dedza ndalama yathukuta langa, osati yopempha kwa mkazi. Anakhoma malata, n'kundiimbira akulira. Ndinadzimva kuti ndine munthu. Koma kusungulumwa nako, mayo ine! M'kathirela, kanyumba ka matayala kamene ndinkagonamo, ndinkayankhula ndi ketulo. Mphepo ikawomba kuchokera kudambo inkanunkha ngati dimba la kwathu mvula itangogwa, ndipo ndinkasowa kuti ndikulakalaka Dedza kapena Lawrence.

Wantchito aliyense ankaloledwa kutenga thumba limodzi la piti pamwezi. Apa m'pamene ndinapusa, ndipo ndinapusa Chimalawi. Bambo anga ankagwira ntchito kumaesiteti a fodya ku Kasungu. Tinkawaona kamodzi pachaka, koma thumba la chimanga likatsika palole tinkadziwa kuti abambo alipo, akutikumbukira. Nanenso ndinati mwana wanga azilandira thumba. Mwezi ndi mwezi ndinkapatsira mnzathu wa kutchalitchi amene ankadiraiva kupita ku Indianapolis. Loyamba ndinamangirirapo kapepala ka nthanga za maungu, ndi mawu akuti, "Ubzale, tidzadye nkhwani ndikabwera."

Pafoni ine ndinkayankhula Chichewa, Tamanda n'kumayankha Chingerezi, mawu awiri atatu. Tsiku lina anaimba masana ndili pamakina. "Ndikuimbira madzulo, mwana wanga," ndinakuwa. Madzulo ake ndinangogwa pabedi ndi nsapato. Pa Khirisimasi ndinkabwera, inde, koma ngati mlendo: kudya, kugona, m'mawa pamsewu.

Sindinabwerere chifukwa cha nzeru, ayi, ndisadzikometse. Piti anatha. Makina anafika padongo, kampani n'kutseka. A Walter anandigwira chanza, nati, "Iwe uli ndi kopita. Pita."

Tamanda anandilonjera pakhomo ndi dzanja, ngati ndine m'busa wodzayendera nkhosa. Anali atatalika kufika paphewa langa. Nditapita kukaika katundu m'galaja ndinaima chilili. Matumba anga onse anali pamenepo, osanjikizana mpaka pawindo, fumbi lili mbuu. Lotsegulidwa linali limodzi lokha.

Mtima unandiwawa. "Nabanda! Thukuta langa lonseli mwangoliunjika ngati zinyalala?"

"Funsani mwana wanu, a Phiri," anatero mkazi wanga osatembenuka n'komwe. "Ine ndinatopa kukuyankhirani."

Tamanda anafotokoza m'Chingerezi, maso ali pansi. Thumba loyamba lija analitsegula tsiku lomwelo, koma anadikira milungu ingapo kuti ndibwere tibzale limodzi. Ataona kuti sindikubwera anathira dothilo m'ndowa, n'kubzala yekha. Linali litauma. Madzi ankangotsetsereka, nthanga zonse osamera. Ndilo tsiku limene anandiimbira ndili pamakina lija.

"Simunaimbenso," anatero. "Ndinaganiza kuti mwadziwa kuti ndapha mbewu zanu. Matumba enawo ndinkaopa kuwagwira, kuti ndingawawonongenso."

Zaka zitatu mwana akudziyesa wolakwa, ine uko ndikunyadira kuti ndikutumiza! Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndinafuna kumuuza za Kasungu, za lole, za bambo anga, koma ndinakumbukira kuti nanenso ndinkaima pamsewu kuyang'ana ngati kumbuyo kwa thumbalo kutsike munthu.

Ndinatenga beseni, ndinatereka madzi m'ketulo mpaka afunde, n'kukhala pansi m'galajamo. Ndinakhuthulira piti wouma uja m'beseni, n'kuthira madziwo pang'ono, ndikukanda. Madzi anathawira m'mbali. Ndinathiranso. Tamanda anaima pakhomo nthawi yaitali, kenaka anagwada, napisa manja ake m'beseni. Anafunsa m'Chingerezi kuti zitenga nthawi yaitali bwanji.

"Masiku atatu, mwina anayi," ndinatero. "Silifuna phuma."

Anapitiriza kukanda. Kenaka anayankhula Chichewa, chopindika lilime, choyamba kumumva chichokereni changa.

"Mukhalapo masiku amenewo, adadi?"

Ndinati eya. Anangonyamula ketulo kukatereka madzi ena.