Phale la Mizere Itatu

Ku Chipera kuli amayi ena oumba mbiya amene amayenda chowerama, maso ali pansi. Akatola phale m'njira amalipukuta ndi chala, n'kutchula dzina la amene analiumba. Chibwerereni ku Zambia, kumene nkhondo inawathamangitsira, anthu amanong'ona kuti mutu wawo sukuyenda bwino. Iwo alibe nazo ntchito, amangoti, "Dothi siliiwala dzanja."

Chaka china boma linatuma dona Stélia kudzalemba malire a minda, atatenga kachipangizo ka jipiyesi kolankhulana ndi sateliti. Pa mapa awo osonyeza malo ndi malire, chitunda cha kutsidya kwa mtsinje chinali tchire lopanda mwini, loti lipatsidwe kwa ocheka matabwa.

"Tchire?" anakalipa amayiwo. "Makina anuwo amaonera m'mwamba ngati kabawi. Tiyeni mukaone ndi mapazi!"

Amayiwo anatengera dona Stélia kuchitundako, n'kukumba ndi khasu pansi pa mango akale. Panatuluka phulusa ndi mapale akuda, otsala pamene mudzi wa amayiwo unatenthedwa pa nkhondo ija.

"Mizere itatu iyi ndi ya amayi anga. Timadontho iti ndi ta mkazi mnzawo, waulesi uja, taonani kukhota kwa mlomo. Onse awiri agona apo pali nkhadzepo."

Dona Stélia anaima paphulusapo, n'kudina kachipangizo kaja kuti malowo alowe m'mapa.

"Ndilembe kuti bwinja, amayi?"

"Bwinja la yani? Ife sitinasamuke, tinachita kuthawa. Lembani kuti mudzi, mawa ndikubwera kudzazika nsanamira."