Kabuku kanga m'chikwama cha a Gondwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, matipate atangoyamba kumene, pamene mayi anga anapeza kabuku m'thumba la jekete ya kaunjika yomwe ankagulitsa pamsika wa Khombedza. Kanali ka zithunzi zokhazokha, zakuda ndi zoyera, malemba ake ngati timawindo ndi timazira. Anandipatsa kuti ndithothole masamba ndizikutira makope, koma ine ndinakabisa.

Masiku amenewo zinthu zinali zitamasuka, ndipo kuseri kwa msika anatsegulako kanyumba ka vidiyo. Loweruka lina masana ndinazemba n'kukalowa. Munali kutentha, fungo la thukuta, utsi wa jenereta. Anaonetsa filimu ya anthu omwa magazi, ine kungoti kakasi: nkhope zake zinali zomwe zija za m'kabuku kanga.

Ndinakawaonetsa a Gondwe, bambo a zaumoyo amene anawatumiza kwathu kuchokera kumpoto. Ankayenda panjinga m'midzi, kubaya ana pachala n'kupaka kadontho ka magazi pakagalasi kuti akayeze malungo. Anatsegula kabuku kaja n'kuseka.

"Iwe mwana, awatu ndi malemba a ku Koreya. Filimu ija anaitenga m'kabukumu. Koma taona apa."

M'bukumo mlenje wa omwa magazi anagwira munthu, n'kumuyang'ana m'kamwa, n'kumufunsa, masamba anayi athunthu, kenako anamusiya poona kuti ndi wosalakwa. M'filimu zimenezo munalibe. Mlenje ankangoloza, kulasa, ife n'kuwomba m'manja.

"Undibwereke ndikaone bwinobwino," anatero. Ndinawabwereka, mtima uli mbee kuti munthu wamkulu wapempha chinthu changa.

Sipanathe milungu iwiri, mphekesera ya anamapopa inatipeza kuchokera cha ku Maganga. Tsiku la msika, ndikupinda zovala pambali pa mayi, ndinamva chiphokoso. Anthu anali atagwetsa njinga ya a Gondwe n'kukhutula chikwama chawo. Pafumbi panali timagalasi ta magazi, masingano, ndi kabuku kanga, katatseguka pomwe panali munthu wa mano aataliatali.

"Si awa! Ali ndi buku lake lomwe lophunzirira!"

"Abale anga, ndine wa chipatala ine. Ana anu omwe ndawatengapo magazi..."

"Eya! Mwavomera nokha, bwana!"

Ndinakuwa kuti bukulo n'langa. Mawu asanathe n'komwe, dzanja la mayi linanditseka pakamwa, likununkha kaunjika.

"Ukufuna atiphe tonse? Jekete ija inali ya ndani?"

Anandikanikiza pachifuwa pawo, mtima wawo ukugunda m'khutu mwanga. Ndinawaluma chala koma sanandisiye. Sindinaone zambiri. Ndinangomva ndodo, ndi mawu a a Gondwe akusiya Chichewa n'kuyamba kuitana mayi awo m'chinenero chakwawo. Apolisi atafika anawakweza m'galimoto ngati thumba la makaka. Ena ankati anachira n'kubwerera kwawo, ena ankati ayi. Mpaka lero sindidziwa, ndipo kufunsa ndimaopa.

Zaka zambiri ndinawasungira mayi chakukhosi chifukwa cha dzanja lija. Lero ndili ndi wanga mwana, Tadala, wa zaka zitatu, wonena chilichonse chimene waona. Mphekesera ija siinafe, imangogona n'kudzukanso. Tadala akatentha thupi ndimathamanga naye kuchipatala, kachala kake ndimakagwira ndekha kuti amubaye, koma maso anga amakhala pakhomo, kuona amene akutiyang'ana, kumvetsera ngati panja phokoso lasintha.

Ndazindikira kuti anthu akachita mantha pagulu safunsa, ngakhale wodziwa zoona ali pomwepo. Ndazindikiranso china chimene sindinauzepo munthu. Zitachitikanso mawa, Tadala n'kutsegula pakamwa kuti anene zoona, dzanja langa lingafike msanga kuposa la mayi.