Makoyilo khumi ndi awiri a teta Vidosava

Teta Vidosava (kuno mayi wamkulu timamutchula teta, ndiye kuti azakhali) anakulunga waya wa kopa kupanga makoyilo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu m'fakitale ya mawailesi ku Niš. Fakitaleyo itatsekedwa, anabwera kuno ku Leskovac kudzasenda tsabola wowotcha pamodzi ndi ife, m'kafakitale ka abwana athu bambo Miomir kopanga ajvar, ndiwo ya tsabola wopera yoika m'mabotolo. Sankadandaula, koma ine zinkandiwawa kuona zala zodziwa ntchito chotero zikupala makoko tsiku lonse.

Botolo la ajvar likatsekeka bwino, chivindikiro chake chachitsulo chimalowa m'kati pang'ono. Chikapanda kulowa, ajvar amakachita nkhungu kunyumba kwa wogula, ife mbiri n'kuipa. Kale tinkadina chivindikiro chilichonse ndi chala. Chaka chatha abwana analemba ntchito injiniya wina, Strahinja, kuti apange makina oyesa mabotolo khumi ndi awiri nthawi imodzi. Pamwamba pa botolo lililonse pankafunika koyilo yomva ngati chitsulocho chili pafupi kapena chalowa. Ntchito yokulunga makoyilowo abwana anapatsa teta. Anawachotsa ku tsabola n'kuwapatsa tebulo lawolawo pafupi ndi zenera.

Kachipu, kaubongo ka makinawo kowerenga makoyilo, kanali kamodzi kokha. Choncho Strahinja anaikapo malitipulekisa, kachipangizo kamene kamalumikiza kachipuko ndi koyilo imodzi, kenako yotsatira, mpaka onse atatha. Makina anayenda ndithu, koma ankadutsitsa mabotolo oipa n'kumakana abwino. Strahinja sanachedwe kupeza wolakwa. Anati vuto ndi makoyilo okulunga pamanja, abwana angoitanitsa ena ku Germany. Abwana anagamula kuti Lachisanu likafika zinthu zili chomwecho, teta abwerere ku tsabola.

Ine ndinapsa mtima. Munthu wa dipuloma angalakwe bwanji, pali mayi wachikulire womusenzetsa mlandu?

Teta sanakangane ndi munthu. Lachitatu, ife tikumwa khofi, anatenga mabotolo abwino khumi ndi limodzi, ndi loipa limodzi. Loipalo analiika pamalo achinayi, makina anakana lachisanu. Analisunthira pachisanu ndi chiwiri, makina anakana lachisanu ndi chitatu. Kulikonse kumene analiika, wonamiziridwa ankakhala mnzake wotsatira. Atatero anaitana Strahinja, nabwereza zonsezo iye akuona.

"Mwanangu, makoyilo angawa akumva bwinobwino," anatero teta. "Kachipu kakoka ukukathamangitsa. Ukukafunsa za botolo lachisanu kasanamalize za lachinayi, ndiye kakungokupatsa yankho la mnzake."

"Teta, izi si wailesi za makedzana zija ayi," anaseka Strahinja.

"Wailesi zimenezo zinkayamba zatentha zisanalankhule, ndipo sizinkanama. Ukasintha koyilo, kapatse mpata kakhazikike."

Strahinja anafwenthera, koma anatsegula kompyuta yake. Anasintha nambala imodzi yokha, kuti kachipuko kazidikira pang'ono koyilo ikasinthidwa, nthawi yosakwana n'kuphethira komwe. Tinadutsitsa makireti makumi anayi, ine ndikubisa mabotolo oipa paliponse pamene ndafuna. Makina anawagwira onse, osanamizira ngakhale limodzi. Ndinanyada ngati ndakulunga ndine, ndipo azimayi a ku tsabola anasiya mipeni n'kudzaima pakhomo kudzaonerera.

Lachisanu m'mawa abwana analowa ndi foni m'manja, n'kufunsa ngati aitanitse makoyilo a ku Germany aja. Strahinja anayang'ana pansi, makutu ali psuu, ndipo pamenepa ndimulemekeze, sananame.

"Musaitanitse, bwana. Wolakwa ndinali ine. Ndipo mzere wachiwiri wa mabotolo nawonso ukufunika makoyilo ena khumi ndi awiri. Muwafunse teta ngati ali ndi nthawi."

Abwana anatembenukira kwa teta, nawafunsa mwaulemu umene sindinaumvepo pakamwa pawo. Teta sanafulumire. Anayamba apukuta magalasi awo, n'kuwavala.

"Nthawi ndiipeza," anatero. "Koma waya ndikasankha ndekha."