Thobwa la Che Lukiya

Che Lukiya a kwa Kalembo ankagulitsa thobwa pa depoti ya Balaka, zaka zija a Yufi ankatseka msika pofuna makadi a chipani. Mayi wamfupi, mawu ngati wailesi, ndipo pakhomo pawo mlendo akakana chakudya ankamukakamiza mpaka adye. Thobwa lomwelo ndi limene linafikitsa mwana wawo Salima ku yunivesite ku Zomba.

Tsono holide ina Salima anabwera ndi katundu yense, nati sabwererakonso. Mnyamata wa m'kalasi mwake, Wadson, ankamutchingira njira, kumugwiragwira, tsiku lina mpaka kumung'ambira bulauzi. Salima akakana, anzake a Wadson ankangoseka. Ine ndinali neba wawo, ndipo ndikakumbuka mtima umandiwira mpaka lero.

Ndiye taonani chipongwe! Wadson uja anakwera basi, tayi pakhosi, n'kulondola mpaka pakhomo. Che Lukiya anamuyalira mkeka n'kumupatsa chikho cha thobwa. Ife azimayi oyandikana tinabwera kudzalonjera, n'kukhala momuzungulira.

"Mwana wanga akuti anakukanani," anatero Che Lukiya.

"Mayi, ife kukoleji zimenezi timazidziwa," anayankha Wadson akupukuta pakamwa. "Mtsikana akati iyayi ndi ulemu chabe, ngati mlendo pokana chakudya. Umangokakamiza basi."

"Ooh, eti? Salima, awonjezere alendowa."

Chikho chachiwiri Wadson anamwa akumwetulira. Chitabwera chachitatu anakweza dzanja. "Iyayi, ndakhuta."

"Ulemu chabe umenewo," anatero Salima, n'kudzaza mpaka m'milomo.

Athawire kuti? Kumanja ife, kumanzere ife, pachipata Che Lukiya atagwira mthiko. Mnyamata anamasula tayi, kenako lamba. Mimba inati tuu ngati ng'oma, thukuta kamukamu, koma Salima osaleka kuthira.

"Chonde, ndikuti iyayi!" analira Wadson. "Iyayi weniweni!"

Salima anaika chikho pansi n'kumuyang'ana m'maso. "Nanga wanga uja anali wabodza?"

Wadson anadzambatuka. Titamupatsa njira anathamangira kuseri kwa nyumba atagwira mimba, ndipo nsapato imodzi anaisiya pamkeka.

Sukulu itatsegulira, Salima anakwera basi ya ku Zomba, nsapato ija ili m'chikwama kuti akamubwezere mwini wake pamaso pa anzake oseka aja. Maphunziro anamaliza, n'kudzakhala mphunzitsi ku Liwonde.

Koma Che Lukiya nawo nkhaniyi inawasintha. Kuyambira tsiku limenelo, mlendo akangoti "ndakhuta" kamodzi, ankachotsa chikho pomwepo.