Munthu wa Kuseri kwa Chinsalu

Anthu akamaona zithunzi zanga zakale amati ndinali ndi diso. Diso ndinali nalo, sindikana, koma chimene chinkandidyetsa chinali chinsalu. Anandijambulira ndi mmisiri wina wolemba zikwangwani ku Balaka. Panali nyumba yosanja, msewu wa phula, ndi ndege ikuuluka pamwamba. Ndegeyo inkaoneka ngati mlamba womera mapiko, koma ku Chikweo palibe amene anadandaulapo. Munthu akaima patsogolo pa chinsalucho ndiye kuti wafika kutauni osakwera minibasi.

Ine kwathu ndi kwa Kalembo. Ku Chikweo ndinapita chikamwini, nditanyamula kamera ya filimu imene malume anabwera nayo kuchokera ku Joni. Nditaona kuti khasu la kwa apongozi likufuna kundithyola msana, ndinayamba kujambula anthu tsiku la msika. Vuto linali lakuti chinsalu sichiima chokha. Ndinachikhoma pakhoma la sitolo, mwini sitolo anati misomali yanga ikumugumulira pulasitala. Ndinamanga chingwe pakati pa mitengo iwiri ya mango, koma pamthunzi wa mango nkhope ya munthu imatuluka mawangamawanga ngati nkhanga. Kuwala kwabwino kunali pabwalo, m'mawa dzuwa lisanakwiye, likumumenya munthu chammbali. Koma pabwalopo panalibe pokoleka kanthu.

Amene anandipulumutsa ndi atelala. Anali bambo wachikulire, Msilamu, wamtali ngati nsungwi, ndipo ankasoka pakhonde la sitolo yomwe ija. Tsiku lina atandiona ndikulimbana ndi chinsalu pamphepo, anadzuka pamakina awo.

"Akamwini, mutu umodzi susenza denga. Bweretsani kuno."

Anagwira ngodya ziwiri zam'mwamba, n'kutambasula manja, n'kuima kuseri kwake. Chinsalu chinaima bwinobwino, nyumba yosanja n'kuwongoka. Kuyambira tsiku limenelo, kasitomala akabwera ndinkangotsokomola, makina n'kusiya kulira, atelala n'kutulukira. Tinagwira choncho zaka zambiri, ndipo chimene ankalandira kwa ine ndi tiyi wamkaka ndi zitumbuwa ziwiri basi.

Ojambula anzanga a ku Ntaja ankandifunsa kuti ndimatani kuti anthu a pazithunzi zanga aziseka. Paja munthu wakumudzi ukamulozetsa kamera amauma gwa, manja m'mbali, maso tong'o, ngati wagwidwa ndi mbuzi yakuba. Ine ndinkawayankha kuti ndi luso. Zoona zake n'zakuti kasitomala akauma choncho, m'kati mwa nyumba yosanja ija munkamveka mawu aulemu akuti, "Pepani bwana, fulumirani, ndege yanu ikunyamuka." Munthu ankaphulika ndi phwete, ine pomwepo n'kudina. Ngati wavala malaya osoka iwo, mawuwo ankasintha. "Kolala, akamwini! Akonzeni kolala, anthu angati telala wake ndi wakhungu."

Koma chinsalu chinali chachifupi, atelala anali aatali. Pamwamba pankaoneka zala zisanu ndi zitatu, pansi mapazi awiri aakulu ovala nkhwaila za matayala. Luso langa lenileni, limene ndinalitulukira ndi thukuta langa, linali lowachotsa atelala pachithunzi. Ndinkawerama, kuyandikira, kupendeketsa kamera pang'ono, kuti zala ndi mapazi zitsale kunja. Zikakanika, ndikabwera nazo zithunzi kuchokera kotsukitsa ku Zomba ndinkabwereka sizasi yawo yomwe n'kuwadula nayo.

Tsiku lina ndinaiwala kudula. Aphunzitsi ena a papulaimale, munthu wa tayi ngakhale Loweruka, analandira chithunzi chawo, n'kuvala magalasi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a zithunzi, tandiwerengereni mapazi angawa."

Ndinawerenga. Analipo anayi.

"Ine kwathu tonse timabadwa ndi awiri. Chithunzichi ndimafuna nditumize kwa chibwenzi changa ku Lilongwe. Mukufuna akati akukwatiwa ndi ng'ombe?"

Anachisiya pomwepo, ndipo ndinawajambulanso. Atelala anaseka mpaka kusoka thumba la thalauza ya munthu chozondoka. Chithunzicho ndinachiponya m'sutikesi mmene ndinkasungamo manegetivu, timafilimu takuda tija timene nkhope imaoneka pokhapokha utayang'anitsa kowala.

Iwo eni ake kujambulidwa ankakana. Sichinali chipembedzo iyayi, chifukwa ngakhale ashehe a pamzikiti wawo anabwerapo kudzaima patsogolo pa ndege. Ndikawapempha ankangopukusa mutu n'kukana m'Chiyao.

"Ngwamba, akamwini. Amene akuifuna nkhope yanga akudziwa khonde limene ndimakhala."

Ndikaumirira ankati mawa. Tsiku lina ndinayesa kuwaba ali pamakina, koma munthu wosoka ali ndi maso akuthwa. Mmene ndinkadina n'kuti atatsitsa kale mzuli wawo, chisoti choyera chija, mpaka pachibwano. Ndinawononga filimu yanga kujambula mzuli.

Kenako kunabwera mafoni ojambula, aliyense n'kusanduka katswiri. Chinsalu ndinachipinda, n'kuyamba kumapita ku Machinga boma kukajambula tizithunzi ta pamakalata ofunsira ntchito. Ndili komweko, nyengo yozizira, atelala anadwala masiku ochepa n'kumwalira. Asilamu sagoneka maliro. Mmene uthenga unkandipeza n'kukwera njinga, n'kuti kumanda anthu atabwerako kale. Zinandipweteka kwambiri, ndipo mpaka lero zimandipwetekabe.

Sadaka ya masiku makumi anayi itadutsa, akazi awo a atelala anafika kwathu m'mamawa. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene ndinkangowaona akabweretsa chakudya pakhonde paja. Akazi anga anawayalira mkeka, tinapatsana moni, n'kudandaula za kuzizira. Kenako anakonza mpango wawo n'kuyamba.

"Bambo a zithunzi, ndabwera ndi pempho. Nkhope ya amuna anga yayamba kundithawa. Ndikatsinzina ndimaona mzuli, ndimaona ndevu, koma pakatipa palibe kanthu. Chiphaso chawo cha mavoti ndinachichapa ndekha pamodzi ndi thalauza, nkhope inasanduka phala. Ndiye ndati inuyo munali nawo zaka zonsezo, kamera ili m'manja. Simungasowe ngakhale kamodzi."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Ndikanawauza bwanji kuti zaka zonsezo ndinkaphunzira kuwachotsa amuna awo pazithunzi, ndipo ndinakhoza bwino? Ndinangoti, "Amayi, mubwere Loweruka la sabata yamawa."

Ndinatulutsa sutikesi ija n'kukhala pakhomo, kumakweza negetivu iliyonse kudzuwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndinkadziuza choncho. Ndinaona Chikweo yense: akwati, ana a sukulu, anyamata atanyamula wailesi yobwereka, mayi wina atafungatira nkhuku yake. Atelala analimo pafupifupi monse, koma zala pamwamba, mapazi pansi. Tsiku lachitatu khosi litauma, ndinakumbukira tsiku lina la kamvuluvulu, pamene mphepo inatilanda chinsalu ndikujambula akwati. Ndinaisaka negetivu imeneyo mpaka ndinaipeza. Pakuda pajapo pankaoneka munthu wamtali, yense wathunthu, ataima poyera.

M'mawa mwake ndinakwera njinga mpaka pamsewu, n'kukwera minibasi ya ku Zomba, kumene kunatsala malo amodzi otsukabe filimu. Envulopu sindinaitsegule pomwepo, ndinkaopa. Ndinakaitsegulira mu minibasi pobwerera. Analidi atelala, mkanjo wawo, manja awo ali m'mwamba. Koma chinsalu chinali chitawakulunga mutu wonse, ndipo pamene panayenera kukhala nkhope panali ndege ija. Ndinaseka mokweza mpaka kondakitala anatembenuka. Tisanafike pa Liwonde kuseka kunali kutatha.

Kunyumba ndinabwera ndi nzeru ina. Atelala anasiya mng'ono wawo wofanana nawo ndithu kutalika ndi ndevu zomwe. Ndinauza akazi anga kuti ndikhoza kuwaveka mzuli ang'ono awowo, n'kuwajambula chapatali, chithunzi n'kuchichititsa chimbuuzi pang'ono. Akazi anga anasiya kupeta mpunga n'kundiyang'ana.

"Inu, mutu ukuyenda bwino? Mukuganiza kuti mayi aja alamu awo sawadziwa? Kapena mukufuna azipachika alamu awo kuchipinda, mudzi uziti chiyani?"

Nzeru ija inathera pomwepo.

Loweruka mayi aja anabwera atasenza chinangwa chondithokozera, zimene zinangowonjezera manyazi anga. Ndinakhala pansi n'kuwauza zoona, kuti nkhope ndalephera kuipeza, ndipo vuto ndi langa. Kenako ndinayala pamkeka zimene ndinali nazo: chithunzi cha mzuli, cha ndege, ndi cha aphunzitsi a mapazi anayi chija, chimene ndinangochiwonjezerapo kuti zisaoneke zochepa.

Anatola cha mzuli. "Uwu ndinawagulira ine ku Liwonde," anatero, n'kuchiika pambali. Atatola cha ndege anayamba kugwedezeka mapewa, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Munthu wosafikako ngakhale ku Blantyre, ndege yachita kumutera pamphuno!"

Tonse tinaseka, ine mtima n'kutsikako pang'ono. Ndiye anatola cha aphunzitsi. Tayi sanaiyang'ane, nyumba yosanja sanaiyang'ane. Maso awo anapita pansi penipeni, n'kuikapo chala. Kuseka kunatha.

"Awa ndi iwowo."

Ndinayandikira. Kuseri kwa nsapato zopolisha za aphunzitsi kunali mapazi aja, m'nkhwaila zawo, dzuwa la m'mawa litawagwira bwino moti ngakhale ming'alu inkaoneka. Chala chachikulu cha phazi lamanzere chinali chopindikira kunja. Zaka zonse ndinkachidula chala chimenecho osachiona.

"Ichi ndinachithyola ine," anatero mayi aja. "Tsiku limene anabwera kudzandifunsira anandipeza ndikusinja. Nditatembenuka n'kuona chimunthu chotalika choncho, musi unandipulumuka. Sanalire iyayi. Mawu awo onse anawamaliza ataima ndi mwendo umodzi ngati kakowa. Ndinati munthu wopirira chonchi ndingamukane bwanji?"

Akazi anga anaseka, koma mayi aja anapitiriza, chala chili pomwepo.

"Ife akale, bambo a zithunzi, madzi tinkapereka titagwada, maso ali pansi. Nkhani zonse za m'nyumba mwathu, za ana, za njala, ndinkakamba ndi mapazi awa. Akatupa ndi kupalasa makina ndinkawathowa ndine ndi madzi ofunda. N'chifukwa chake nkhope ikundithawa, sindinaizolowere. Koma awa ngakhale mutawasakaniza ndi a msika wonse ndikhoza kuwatola."

Analira pang'ono, mwakachetechete. Kenako anandipatsa chithunzicho.

"Mundichotsere bambo a tayiwa."

Ndinalowa m'nyumba kukatenga sizasi. Nditatuluka nayo anaiyang'ana n'kunena kuti, "Imeneyonso ndi yawo. Anaifunafuna mwezi wathunthu." Ndinangoweramira pa chithunzi chija. Ndinadula aphunzitsi kuyambira kumutu mpaka m'mawondo, n'kudula nyumba yosanja ndi ndege, n'kuzungulira bwinobwino nsapato zopolisha zija. Kanali koyamba pantchito yanga kutaya kasitomala n'kusunga atelala. Sizasi ndinaibweza tsiku lomwelo.

Sabata yotsatira ndinabwereranso ku Zomba ndi negetivu yake, n'kukulitsa kachigawo kapansi kokhako. Mnyamata wotsuka zithunzi anandifunsa kawiri ngati ndikudziwa chimene ndikufuna. Ndinachiika mufulemu ya galasi n'kukachipereka ndekha.

Patapita miyezi ndinadutsa kwawo kukawazonda. Nditalowa m'nyumba ndinayang'ana m'mwamba m'makoma, mmene anthu amapachika zithunzi, koma munali kalendala yokha. Ndinaganiza kuti mwina ana awaseka, ndiye achibisa. Mayi aja anandiona ndikufunafuna, n'kuloza ndi mlomo.

Chinali kuseri kwa mpando wa atelala, chokhomedwa m'munsi mwa khoma, mwina chikhatho chimodzi kuchokera pansi.

"M'mwambamo ndinayesa," anatero akukhala pamkeka pafupi nacho. "Khosi linkandiwawa. Apa m'pamene ndinazolowera kuwapeza."