Wayamba Kufika Pansi Ndani?

A Chifukwachiyani anali mmisiri wokhoma malata, ndipo dzina limeneli anachita kuligwirira ntchito. Anzawo akakwera padenga ankaganiza za misomali. Iwo ankaganiza za chifukwa chimene msomali ukapulumuka m'manja umathamangira pansi osati kumwamba. Mwezi ukatuluka dzuwa lisanalowe, ankaika hamala pambali n'kumaufunsa chimene chaugwira kuti usagwe. Eni nyumba ambiri anagonapo denga lili theka chifukwa cha mwezi umenewu.

Akazi awo, ogulitsa maungu pamsika, anali atawazolowera ngati chitseko cholira. Bambo akayamba zoti nyenyezi zina n'zazikulu kuposa dzuwa, mayi ankangoti, "Eya, abambo," maso ali pamphika. Zimenezi zinkawapweteka kuposa kudzimenya chala ndi hamala. Chimene ankachilakalaka pa moyo wawo chinali chimodzi: mkazi wawo awakhulupirire, kamodzi kokha.

Mwayi unabwera kudzera pawailesi. Munthu wina wophunzira ananena kuti chinthu cholemera ndi chopepuka, ukazitaya pamodzi, zimafika pansi nthawi imodzi.

"Bodza limenelo," anatero mayi.

Bambo anasangalala koopsa. Munthu wotsutsa ndiye kuti wamva!

Anakwera padenga la nyumba yawo, dzungu m'khwapa, gwafa m'thumba, mayi ataima pabwalo ngati mboni. Koma anaiwala mnansi wawo, pusi wa mumtengo wa mango wotsamira dengalo, yemwe anali atawabera kale chipewa ndi sopo wa kubafa. Atangotaya zinthu ziwirizo, kadzanja kanatulukira m'masamba n'kuwakha gwafa m'malere. Dzungu linafika lokha, phwaa!

"Layamba ndi dzungu," anatero mayi.

"Gwafa labedwa panjira, amayi!"

"Ine ndaona dzungu."

Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Posakhalitsa pusi anayamba kubwera ndi banja lake lonse, n'kundanda panthambi ngati anthu odikira basi. Nkhuku za pakhomo zinanenepa ndi maungu osweka.

Mayi anapirira mpaka m'dengu mutatsala dzungu limodzi. "Abambo, ili ndi lomaliza. Likangosweka pachabe, za mwezi, za nyenyezi ndi zogwaigwazi zithere pomwepo. M'nyumba muno tizikamba za mvula ndi za ana ngati anthu ena onse."

Mantha anawagwira a Chifukwachiyani. Moyo wokamba za mvula yokhayokha! Ulendo uno anakaima kumapeto kwenikweni kwa denga, kutali ndi mtengo. Pusi ataona kuti chakudya chake chasamuka popanda kumuuza, analumphira padenga n'kugwira gwafa lili m'manja mwa mwiniwake. Bambo anakakamira. Pusi anakakamiranso. Tsoka ilo, lata limene anapondapo linali lija anasiya osalikhoma madzulo ena mwezi utawasokoneza. Linatsetsereka, ndipo bambo, pusi ndi dzungu anauyamba limodzi ulendo wa pansi.

Anagwera pamulu wa mchenga, thii! Pusi anadzambatuka n'kuthawa ndi gwafa lake. Mayi anafika akuthamanga, chitenje chikukwekwereza pansi.

"Mayo ine, abambo! Mwathyoka pati?"

"Zisiyeni zimenezo," anatero bambo akulavula mchenga, bondo litayamba kale kutupa. "Wayamba kufika ndani? Ine, pusi kapena dzungu?"

Kunena zoona, mayi sanamuone pusi. Sanalionenso dzungu lawo lomaliza. Maso awo onse anali pa chitsiru chawo chokondedwacho pamene chinkatsika miyendo ili m'mwamba. Anagwada n'kuwapukuta mchenga kumaso.

"Mwafika limodzi nonse atatu."

"Mwaona ndi maso anu?"

"Ndaona." Anakhala pansi pamchengapo n'kuika mutu wa amuna awo pamiyendo. "Musadzuke kaye. Tandiuzani bwinobwino, abambo, mwezi uja munati chaugwira n'chiyani?"